Kulimba Mtima Pogwira Choko: Malangizo kwa Ophunzira Uphunzitsi

Maphunziro a uphunzitsi wa kupulayimale m'Malawi muno, aja amadziwika kuti IPTE, amatenga zaka ziwiri. M'zaka zapitazi dongosolo lake lakhala lakuti wophunzira amakhala pakoleji materemu awiri, n'kupita kukaphunzitsa pasukulu materemu awiri, kenako n'kubwerera kukoleji kukamaliza awiri otsalawo. Ndiye kuti munthu amene walowa pa Kasungu TTC, pa Machinga, pa Karonga kapena pa St Joseph's ku Bembeke amakhala ndi miyezi yowerengeka chabe asanapatsidwe choko ndi kalasi ya ana enieni. Ambiri tsikulo limawapeza mtima uli m'mwamba. Ena chinawafooketsa kale ndi mapointi a MSCE: ankafuna kuyunivesite, dzina silinatuluke, ndiye pakoleji amadziona ngati otsalira. Ena vuto ndi Chingerezi. Ena Masamu anasiyana nawo ali Fomu 2, lero akumva kuti mphunzitsi wa kupulayimale amaphunzitsa phunziro lililonse limene ahedi amupatsa.

Anthu otere amauzidwa kawirikawiri kuti "ingolimba mtima, ukhoza." Mawuwo ngokoma, koma amathera pakhomo la kalasi. Albert Bandura, katswiri wa za maganizo a anthu wa payunivesite ya Stanford ku America, analongosola mu 1977 kuti chikhulupiriro choti munthu angaithe ntchito inayake chimachokera ku zinthu zinayi: zimene iye mwini anachitapo n'kukhoza, zimene waona anzake ofanana naye akuchita, zimene anthu amamuuza, ndi mmene thupi lake likumvera panthawiyo, monga kugunda kwa mtima ndi thukuta m'manja. Pa zinayizi champhamvu koposa ndi choyambacho. Iye anaonetsanso kuti chikhulupirirochi chimayenda ndi ntchito imodziimodzi. Munthu akhoza kuphunzitsa nyimbo ndi magule mosatekeseka, koma n'kuyamba kunjenjemera akangomva za mafulakishoni. Choncho malangizo onse ali m'munsimu akuloza chinthu chimodzi: kusonkhanitsa umboni, mutu ndi mutu, luso ndi luso, mpaka mutakhala ndi chifukwa chogwirika chonenera kuti ichi ndichitha.

Yambani mwatchula chimene mukuopa

Munthu akati "ine Masamu sindiwadziwa" wanena chinthu chachikulu moti palibe pochigwira. Chiduleni. Tengani buku la mphunzitsi ndi la ophunzira la kalasi imodzi, tinene Masamu a Sitandade 5, mwa mabuku aja amalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Koperani mitu yonse papepala motsika, ndipo pambali pa mutu uliwonse lembani nambala: 1 ngati mungauphunzitse mawa, 2 ngati mumatha kupeza yankho koma simungafotokoze chifukwa chimene njirayo imagwirira, 3 ngati mutuwo simuudziwa n'komwe. Ntchitoyi siposa mphindi 30.

Manambalawo musawakhulupirire musanawayese. Pa mutu uliwonse umene mwaupatsa 1, sankhani mafunso asanu a m'buku la ophunzira, tsekani bukulo, yankhani osasuzumira, kenako mufotokozere mnzanu funso limodzi mokweza ngati kuti iye ndi mwana. Mukakhoza anayi mwa asanu ndipo mnzanuyo wamva, nambalayo ikhale. Kupanda kutero mutuwo utsikire ku 2. Yesaninso mitu iwiri kapena itatu ya gulu la 3. Zodabwitsa zimatuluka mbali zonse: mitu ina imene mumaidalira imagwa, ina imene mumaithawa imapezeka kuti munangoiwala sitepe imodzi. Ndipo ambiri amaona kuti "Masamu onse" aja ndi mitu inayi kapena isanu basi.

Gulu limene limadzaza ndi la 2, ndipo mantha ambiri a m'kalasi amabisala mommo, chifukwa mwana safunsa yankho lokha, amafunsa kuti "bwanji?" Taonani samu iyi: 302 − 147. Pafupifupi aliyense apeza 155. Koma mwana akati, "Aphunzitsi, 0 uja wasanduka bwanji 9?" ambiri amangoyankha kuti ndi mmene timachitira. Mankhwala ake ndi kuichita samuyo ndi manja. Dulani timitengo, mutimange khumikhumi ndi luzi, ndipo mitolo khumi yotere muimange pamodzi ikhale mtolo wa 100. Ikani patebulo mitolo itatu ya 100 ndi timitengo tiwiri. Kuchotsa 7 pa 2 sizitheka, komanso mtolo wa 10 woti mumasule palibe. Ndiye mumamasula mtolo umodzi wa 100: itsala iwiri, ndipo mwapeza mitolo khumi ya 10. Pa khumiyo mumamasulanso umodzi, itsala 9, timitengo tapadera takwana 12. Ndi ameneyo 9 uja. Kuchokera apo ndi njira yosalala: 12 kuchotsa 7 ndi 5, 9 kuchotsa 4 ndi 5, 2 kuchotsa 1 ndi 1. Kumanga timitengo 302 kumadya madzulo athunthu, choncho gawanani ntchito pagulu, koma aliyense amasule ndi kumanga yekha mwina katatu. Mukatero funso la mwana uja silikuopsaninso, ndipo mwapezeratu zipangizo za TALULAR, zija zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka pafupi, zimene mukazifune ku TP, nthawi ija yokayeserera kuphunzitsa pasukulu.

Chimodzimodzi ndi 1/2 ÷ 1/4. Ambiri analoweza kuti "tembenuza, chulukitsa," n'kupeza 2, koma amadabwa okha kuti kugawa kwatulutsa bwanji nambala yoposa imene tinayamba nayo. Pindani pepala pakati, mulipindenso, mulitambasule. Funso la samuyi n'lakuti mu theka muli makota angati. Ali awiri, ndipo akuoneka ndi maso.

Mitu ya gulu la 3 musatenge yoposa iwiri pa sabata, chifukwa mukaiwunjika mudzalephera yonse n'kutsimikiza mumtima kuti ndinu mbuli. Pitani nayo kwa lekichala kapena kwa mnzanu amene amaidziwa. Safunsa anadya phula, koma kafunsidwenso kali ndi njira. Musapite mukunena kuti "sindikumva chilichonse." Yambani mwayesa, muonetse kope, munene kuti "ndafika apa, mzere wotsatirawu ndi umene wandisokoneza." Funso lotero limayankhidwa m'mphindi zisanu, ndipo woyankhayo amakulemekezani.

Kuwerenga kumene kumanamiza

Pali kudzidalira kwina kwabodza kumene kumagwetsa anthu pamayeso. Munthu wawerenga manotsi kanayi, walemba mizere kunsi kwa mawu, tsamba lililonse likuoneka lodziwika, ndiye akuganiza kuti zalowa. Kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa m'mutu wekha ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mayeso pamodzi ndi kalasi zimafuna yachiwiriyo. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zoti awerenge. Ena anawerenga mobwerezabwereza, ena anawerenga pang'ono n'kumayesa kulemba zimene akukumbukira. Obwereza aja ndi amene ankadzidalira kwambiri, koma patatha sabata imodzi amene anakumbukira zambiri anali odziyesa aja.

Chitani chonchi. Madzulo a tsiku limene mwaphunzira mutu, tsekani manotsi, tengani pepala lopanda kanthu, ndipo kwa mphindi 10 lembani zonse zimene mukukumbukira. Kenako tsegulani manotsi, mudzaze zimene munasiya ndi cholembera cha mtundu wina. Bwerezani pakatha masiku awiri, pakatha sabata, ndi pakatha mwezi. Ulendo woyamba umawawa, pepala limakhala loyera mbali yaikulu, ndipo apa m'pamene ambiri amasiyira n'kubwerera ku kuwerenga kotonthoza kuja. Pirirani. Sungani mapepalawo motsatana. Inki ya mtundu wachiwiri ija ikamachepa, umenewo ndiye umboni woti mutu wanu ukugwira ntchito.

Gulu lowerengera limodzi likhale la anthu atatu kapena anayi. Likakula limasanduka bwalo la nkhani. Vuto lina lodziwika n'lakuti mmodzi wanzeru amalankhula yekha ena n'kumagwedeza mitu. Iye amatuluka atalimba, anzake amatuluka atafooka kuposa mmene analowera. Kuti zisatero, lembani mitu patimapepala, chitani maere, ndipo aliyense afotokoze mutu umene wamugwera kwa mphindi zisanu asanathandizidwe.

Kuphunzitsana musanakumane ndi ana

Njira ya microteaching, yoyeserera kuphunzitsa kachigawo kakang'ono ka phunziro pamaso pa anthu ochepa, inayamba ku Stanford mu 1963 motsogozedwa ndi Dwight Allen ndi anzake, ndipo makoleji athu amaigwiritsa ntchito. Chovuta n'chakuti m'kalasi ya anthu ambiri wophunzira aliyense amapeza mpata kamodzi kapena kawiri pa teremu, nthawi zinanso pali malikisi, motero imasanduka mayeso m'malo mokhala poyeserera. Musadikire ya pandandanda. Pangani yanu.

Khalani anthu asanu, mupeze chipinda chopanda anthu chimene chili ndi bolodi, kawiri pa sabata. Mmodzi aphunzitse mphindi 7, atatu akhale ophunzira, wachisanu akhale kumbuyo ndi wotchi ndi pepala. Wophunzitsayo anene asanayambe luso limodzi lokha limene akuyeserera: chiyambi cha phunziro, kufunsa mafunso, kupereka malangizo a ntchito ya m'magulu, kulemba pabolodi, kapena mathero. Akatha, ndemanga zitenge mphindi 5. Kenako akakonze kwa mphindi 20 pamene wina akuphunzitsa, ndipo abwerenso kudzaphunzitsa kachigawo komweko.

Kubwereza kumeneku ndiye mtima wa njira yonseyi, ndipo ndi kumene magulu ambiri amakudumpha chifukwa cha nthawi. Mukadumpha, munthu amapita kukagona ndi mndandanda wa zolakwa zake. Akabwereza, amapita kukagona ataona yekha kuti chimene chinavuta 4 koloko chayenda 5 koloko. Ngati nthawi yachepa, ndi bwino kuti aphunzitse awiri okha tsikulo, onse abwereze, kusiyana n'kuti aphunzitse asanu kamodzikamodzi.

Ndemanga nazo zili ndi lamulo. "Waphunzitsa bwino" sathandiza, "unalibe mphamvu" amapweteka chabe. Wa kumbuyo uja anene zimene waona ndi kuwerenga: "Unafunsa mafunso 6, asanu anali ofuna eya kapena ayi." "Unalankhula utayang'ana kubolodi kwa mphindi ziwiri." "Unati 'mwamva?' ka 11." Ayambe ndi chinthu chimodzi chimene chayenda ndi chifukwa chake, kenako chimodzi chokha choti chikonzedwe. Zitatu kapena zinayi nthawi imodzi munthu sangazisenze. Amene akukhala ngati ana asapitirire muyezo. Pamakhala anzathu ena amene amaona mpata wochita nthabwala, n'kuyamba kulira ndi kumenyana mpaka phunziro kusokonekera. Ntchito yawo ndi kulakwitsa mmene mwana weniweni angalakwitsire, monga kuyankha kuti 302 − 147 ndi 245 chifukwa wachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu paliponse.

Ngati pali foni, jambulani. Kudziona koyamba kumachititsa manyazi aliyense, mawu amamveka achilendo, manja amaoneka ngati akusowa kokhala. Onerani kawiri: koyamba kuti manyaziwo athe, kachiwiri muli ndi pepala. Chimene ambiri amadabwa nacho n'chakuti kunjenjemera kumene ankakumva m'kati sikuoneka kwenikweni kunja. Vidiyoyo ndi ya mwini wake. Isapite pa WhatsApp ya kalasi. Gulu limene lachita zimenezo kamodzi latha.

Ndipo posankha woti muzimuonera, musangoyang'ana katswiri wa kalasi yanu. Kuona munthu amene anabadwa wolankhula sikukuuzani kanthu za inu. Yang'anani mnzanu amene mwezi watha ankachita chibwibwi pabolodi koma lero akutha, mumufunse chimene anasintha.

Za Chingerezi

M'makalasi apamwamba maphunziro onse kupatula Chichewa amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo pano m'pamene ambiri, makamaka amene anaphunzira m'masukulu oyendera a kumudzi, amadziona ochepa. Dziwani kuti Chingerezi cha m'kalasi ndi chochepa kuposa mmene mukuganizira. Mphunzitsi amabwereza ziganizo zomwezomwezo tsiku ndi tsiku: kupereka moni, kuuza ana atsegule tsamba lakuti, kuwaika m'magulu, kufunsa wina abwereze, kuyamikira, kukonza cholakwa, kutseka phunziro. Lembani ziganizo 30 zoterezi, lekichala wa Chingerezi azione ngati zili bwino, ndipo muzizinena mokweza mpaka zizituluka zokha. Pa phunziro lililonse onjezani mawu atsopano a mutuwo, osaposa 8, mufufuze katchulidwe kake usiku wake. Werengani mokweza buku la ophunzira mphindi 10 tsiku lililonse, mutaimirira, ndi mawu a m'kalasi osati onong'ona. Ana safuna kuti mumveke ngati wa pa BBC. Amafuna ziganizo zazifupi zomveka, ndi mphunzitsi amene akaona kuti asochera amafotokoza pang'ono m'chinenero chimene akuchidziwa n'kubwereranso. Pagulu lanu gwirizanani kuti kuseka katchulidwe ka mnzanu n'koletsedwa. Kukonza n'kololedwa, koma akamaliza kulankhula.

Sabata zoyamba ku TP

Kuyambira 1994, pamene maphunziro a kupulayimale anakhala aulere ndipo ana pafupifupi miliyoni imodzi anawonjezekera m'chaka chimodzi, makalasi odzaza ndi gawo la ntchitoyi. Kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, makamaka Sitandade 1 ndi 2, ndipo mwina mukaipeza pansi pa mtengo. Palibe microteaching imene ingakukonzekeretseni phokoso la ana ochuluka chotero. Chimene chingatheke ndi kuchepetsa zinthu zimene mukazisankhe muli chiimire.

Masiku oyamba, mukamaonerera mphunzitsi wa kalasiyo, musamangoyang'ana phunziro. Lembani chizindikiro chimene amachita kuti ana akhale chete, kaya ndi kuwomba m'manja katatu kaya ndi kanyimbo, ndipo mukatenge chomwecho. Ana anachizolowera, musayambitse chanu sabata yoyamba. Lembani mmene amagawira mabuku, amene amatsogolera magulu, ndi ana amene amakhala kumbuyo osalemba. Jambulani papepala mmene ana amakhalira n'kumalembapo mayina, asanu kapena khumi pa tsiku. Dzina lili ndi mphamvu: "Iwe wa malaya ofiira" amatembenuza ana asanu, pamene dzina limafika kwa mwini wake.

Chikonzekero cha phunziro chilembeni mokwanira monga mmene koleji ikufunira, ndi zizindikiro za kakhonzedwe zomveka, koma musalowe nacho m'manja n'kumachiwerenga. Tengani kapepala kokwana pachikhatho, mulembepo masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi ndi mphindi zake, ndiponso mafunso atatu ofunika. Mphindi zitatu zoyamba muzidziwe pamtima, mawu ndi mawu, chifukwa mantha amakula pachiyambi ndipo amatsika okha mukangoyamba kuyenda. Phunziro limakhala la mphindi 30 kapena 35, ndipo ongoyamba kumene amagwa m'maenje awiri: ena amathamanga n'kutha zonse pa mphindi 15, ena amakhalitsa pachiyambi belu n'kulira ana asanalembe kanthu. Pa vuto loyambalo khalani ndi ntchito yapadera m'thumba, monga masamu atatu owonjezera kapena masewera a maphatikizo. Pa lachiwirilo lemberanitu kuti ikakwana mphindi ya 20 ana akhale atayamba ntchito yawo, zivute zitani.

Bolodi ligaweni patatu ndi mizere iwiri: kumanzere tsiku, mutu ndi mawu atsopano, pakati zitsanzo, kumanja ntchito ya ana. Fikani msanga tsiku loyamba, lembani mzere umodzi, mupite pamene pamakhala mwana wakumbuyo kwenikweni mukaone ngati ukuwerengeka. Mizere ya ongoyamba imakonda kutsetsereka kumanja. Chifukwa chake n'chakuti amaima malo amodzi n'kumatambasula mkono, m'malo moyenda nalo dzanja. Lembani kaye, tembenukani, kenako lankhulani.

Mukafunsa funso, dikirani. Mary Budd Rowe, wofufuza za maphunziro a sayansi ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi asanayankhe okha kapena kuloza wina, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesa. Kwa mphunzitsi wamantha bata la masekondi atatu limamveka ngati phunziro lafa, ndiye amalidzaza ndi mawu. Werengani chamumtima mpaka 5. Manja amene ayambe kukwera pa 4 ndi a ana amene simukanawamva.

Mwana akafunsa chimene simukudziwa, musapeke yankho ndipo musamukalipire. Nenani kuti, "Funso labwino limenelo, ndilemba apa, mawa ndibwera ndi yankho," mulilembe pakona pa bolodi, ndipo mawa lake muyambe ndi lomwelo. Chimene chimachotsa ulemu ndi kulonjeza osabweretsa. Mukalakwitsa pabolodi mwana n'kukuuzani, muthokozeni, konzani, pitirizani. Ana amaiwala zimenezo belu lisanalire. Amene amazisunga sabata yonse ndinu.

Thupi nalo lili ndi gawo lake. Musalowe m'kalasi ndi njala ngati mungapewe, khalani ndi botolo la madzi, ndipo musanalowe pumani kasanu, kukoka mpweya mukuwerenga mpaka 4, kutulutsa mukuwerenga mpaka 6. Mtima ukagunda musawerenge kuti ndi chizindikiro choti mulephera. Umagundanso mwa aphunzitsi akale tsiku loyamba la teremu. Musapikisane ndi phokoso pokuwa. Mawu amasasa sabata yachiwiri, ndipo ana amazolowera kukuwa n'kusiya kukumva. Imani, chitani chizindikiro chija, dikirani bata, kenako lankhulani motsitsa.

Akabwera oyendera, ndi mmene mungadziyezere nokha

Tsiku limene lekichala wabwera kudzaonerera, phunzitsani mmene mumaphunzitsira masiku onse. Amene amakonza chionetsero, ndi matchati asanu ndi njira imene ana sanaionepo, ndi amene amasokonezeka, chifukwa ana amadabwa n'kukhala duu. Pokambirana pambuyo pake lembani zonse zimene akunena osadziteteza, kenako funsani kuti, "Pa zonsezi, chimodzi choti ndiyambe nacho sabata ino n'chiti?" Oyendera ena amalankhula mowawa, ndipo si onse amene amakumbukira kutchula chimene chayenda, ngati sanatchule, funsani. Mawu akuti "simunayang'ane ngati ana amva" akunena za phunziro la tsiku limenelo, sakunena kuti munalakwa kusankha uphunzitsi. Mphunzitsi wokuyang'anirani pasukulupo mumupemphe kuti akuonereni Lachisanu pa chinthu chimodzi chomwecho.

Komabe malikisi a woyendera amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mmene mukumvera mumtima potuluka m'kalasi si muyezo wodalirika. Phunziro limene ana anaimba ndi kuseka likhoza kukhala loti sanatolepo kanthu, pamene lina limene munaliona lozizira linalowa. Muyezo wabwino ndi makope a ana. Sankhani ana 10, atatu ochita bwino, anayi apakati, atatu ovutika, ndipo mukatha phunziro onani makope awo poyamba. Ngati 7 kapena kuposa akhoza ntchito imene munapereka, phunzirolo layenda, kaya inu munatuluka thukuta lotani. Ngati ndi ochepera 5, yang'anani cholakwa chimene chikubwerezedwa; kawirikawiri chimakhala chimodzi, ndipo chimakulozerani sitepe imene munadumpha. Mawa lake yambani ndi sitepeyo kwa mphindi 5.

Khalani ndi kope laling'ono lapadera. Tsiku lililonse lembani mizere itatu: chimene chayenda ndi umboni wake, chimene chavuta, ndi chimene musinthe mawa. Mzere woyambawo ndi umene anthu odzikayikira amausiya, kapena amalemba kuti "zinangochitika mwamwayi." Lembani chimene inu munachita kuti ziyende. Pa mzere wachiwiri siyanitsani za m'manja mwanu ndi zimene si zanu. Mvula ikamagunda malata moti palibe akumva, ana akabwera ndi njala mu Januwale ndi Febuluwale, buku limodzi akamagawana ana asanu ndi mmodzi, zimenezo zimafuna nzeru zozungulira nazo koma si umboni woti simutha. Kusakonzekera, kufika mochedwa ndi kusachonga makope, zimenezo ndi zanu ndipo zilembedwe mosabisa. Pali ena amene vuto lawo ndi la mbali inayo: amalankhula bwino, ana amawakonda, ndiye amasiya kulemba chikonzekero. Makope 10 aja amawagwira msanga kuposa woyendera aliyense.

Mawu pang'ono kwa malekichala ndi aphunzitsi oyang'anira: wophunzira wamantha musamuyambitse ndi kalasi yonse kwa phunziro lathunthu. Mupatseni chiyambi chokha, mawa gulu limodzi, kenako theka la phunziro, inu muli pompo. Ndipo musamudzudzule pamaso pa ana, chifukwa ulemu umene mwamuchotsera m'mphindi imodzi adzaufunafuna teremu yonse.

Nthawi zina vuto limaposa la bolodi. Ngati kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo simukugona, chakudya sichikulowa, mukulira pafupipafupi, mukuthawa anzanu, kapena mukubwera maganizo odzipweteka, njira zili pamwambazi sizikwanira. Uzani lekichala amene mumamukhulupirira, mlangizi wa ophunzira, kapena pitani kuchipatala chapafupi, ndipo musadikire kuti teremu ithe.

Mukabwerera kukoleji kudzamaliza materemu awiri otsiriza, tulutsani pepala lija la manambala 1, 2 ndi 3. Liyeseninso mwa njira yomwe ija, mafunso asanu buku lili chotseka, ndipo kunsi kwake wonjezerani mitu imene makope a ana anakuonetsani kuti simunaifotokoze bwino. Imeneyo ndiyo muyambe nayo pagulu lanu la anthu asanu, iwiri pa sabata, mayeso a MANEB asanayandikire.